Katchipi ka Afyuzi

4 Malichi

Kawaya mwana wanga,

Moni ndikupatsa kumapeto, uyambe wayankha funso ili. Iwe amene umalemba mapulogalamu mu ofesi yozizira, atakuika patsogolo pa singano imodzi, mamota awiri ndi katchipi kopanda kanthu m'mimba, ungaitsitse singanoyo pamalo pake? Usandizungulitse. Ungathe kapena sungathe?

Ndikufunsa chifukwa makina opeta mabaji a mayi ako ayamba mwano. M'mawa amayenda bwinobwino. Dzuwa likangofika pamalata amaima pakati pa baji, singano ili m'nsalu, ngati munthu amene waiwala chimene amadzanena. Ndayeza mawaya onse, ndasintha zonse zosinthika. Vuto ndi katchipi komwe, kanthu kakuda ka miyendo ngati bongololo kaja unkandigwirira ndi tizala tako towondato pamene ndinkapanga bolodi langa lamagetsi loyendetsa makinawa, la eni ake litapsa. Kakalamba. Kakatentha, mwendo umodzi umafa. Ndipo mtundu wake anasiya kupanga. Ndazungulira masitolo onse, ogulitsa amangondiyang'ana ngati ndikufunsa za agogo awo.

Pulogalamu ili mmenemo ndinailemba ndekha m'chilankhulo cha makina eni ake, lamulo limodzilimodzi: tenga nambala iyi, ika apa, chotsapo imodzi, ngati sinathe bwerera. Palibe anandiphunzitsa. Ndinaphunzira m'buku lopanda chikuto limene ndinatola pamulu wa mawailesi akufa. Inu a zilankhulo zapamwamba mumangolemba kuti "peta duwa", kenako womasulira wanu, pulogalamu ina imene simunaionepo nkhope, ndiye amakauza makina zochita. Muli ngati bwana wolankhula ndi antchito kudzera mwa kapitawo. Ine makina ndimalankhula nawo pakamwa ndi pakamwa.

Kompyuta yanga yakale ija inafa chaka chatha ndi zonse zinali m'mimba mwake. Ndiye pulogalamuyi yatsala malo awiri basi: m'katchipi kodwalako ndi m'mutu mwanga. Tenga tchuthi ubwere, tiilembenso pa katchipi ka mtundu watsopano kakale aka kasanafe, kuti tizifananitsa. Sindikupempha ndalama. Ndati ubwere.

Tsopano moni. Kuno tili bwino. Ukudya koma?

Ndine bambo ako.

Zilembo zikuluzikuluzi usadabwe nazo, cholembera chaching'ono chasowa.

13 Malichi

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira, woyendetsa basi anaisiya pageti. Ndili bwino ndipo ndikudya, kaya inu ndi Amayi? Anzanga amandiseka kuti mu ofesi monse muno wolandira makalata a pepala ndine ndekha. Ndinawauza kuti bambo anga kwathu amawatcha Afyuzi, sachedwa kupsa, ndipo foni yawo yomaliza anaiponya kukhoma munthu akulankhulabe.

Funso lanu ndiyankha mosabisa, monga munandilerera. Sindingathe, m'njira yanuyo ayi. Koma Bambo, inunso zanga simungazithe. Pulogalamu imene tikupanga kuno tikulemba anthu ambiri. Wina akadwala mnzake amapitiriza, chifukwa chilichonse chili ndi dzina loti munthu n'kuwerenga. Yanuyo mumaidziwa nokha, ndipo imamvana ndi katchipi ka mtundu umodzi. Katchipiko kakafa, imafa nako limodzi. Kapitawo mukumunyozayo ndi amene amachititsa kuti zimene ndalemba lero zikayendebe pa makina a mawa.

Tchuthi sandipatsa ntchitoyi isanathe. Bwana wanga akangomva mawu oti tchuthi amayamba kutsokomola. Komanso palibe chifukwa choti ndibwerere. Masulani bolodilo mupatsire woyendetsa basi. Kuno tili ndi chipangizo chowerengera matchipi. Ndikopera pulogalamu yanuyo, ndione mmene imayendera, ndiilembenso pa bolodi latsopano m'chilankhulo choti aliyense angawerenge. Lanulo ndibweza msanga, Amayi sangaphonye ntchito.

Mu envulopumu ndaikamo zolembera ziwiri zazing'ono.

Mwana wanu,
Kawaya

19 Malichi

Kawaya,

Zolembera zafika, mayi ako akulembera miyeso ya makasitomala.

Bolodi silituluka m'nyumba muno. Ukuti ukopera? Sungakopere. Katchipi ndinakatseka. Ukumukumbuka wokonza mawailesi wa pakona, wa dzino lagolide uja? Chaka chimene makinawa anayamba kuyenda ankabwera tsiku ndi tsiku, ati kudzacheza, tiyi ali m'manja maso ali pabolodi. Ankafuna akopere thukuta langa akagulitse kwa matelala onse a mumsewu uno. Ndiye ndinayatsa loko wa m'kati mwa katchipi. Chipangizo chilichonse chikafunsa kuti muli chiyani umu, katchipi kamayankha ziro yekhayekha. Ndinachita bwino, ndipo lero ndikanachitanso chimodzimodzi.

Wandilembera kuti "choti aliyense angawerenge". Wakuuza ndani kuti ndikufuna aliyense? Ndikufuna iwe.

Tamvera. Singano ikakwera, nsalu ili ndi kamphindi kochepa kuposa kuphethira kuti isunthe n'kuima. Ikachedwa, singano imaipeza ikuyenda. Ine ndimadziwa nthawi imene lamulo lililonse limadya, chifukwa ndinawerengetsera ndekha ndi pensulo. Kapitawo wakoyo akamamasulira amawonjezeramo mawu ake, ndipo sakuuza kuti wawonjezera angati. Za mu ofesi zikachedwa munthu amangoyasamula. Kuno zikachedwa kumang'ambika malaya a mwana wa eni.

Bwana wakoyo umugulire mankhwala a chifuwa. Bwera.

Bambo ako

26 Malichi

Bambo ndi Amayi,

Moni nonse. Ndikulemba mothamanga, tili pa mpanipani.

Za loko musade nazo nkhawa. Ndakayang'ana chipangizo chathu chija, pali batani lolembedwa poyera kuti chotsa loko. Zinthu zinasintha Bambo, zimene kale zinkafuna mwezi lero n'kudina kamodzi. Ndikudziwa kuti mukuona ngati ndikupeputsa ntchito yanu. Sindikupeputsa, ndikufuna ndiipulumutse isanafe ndi katchipiko.

Amayi, tawalankhulani. Sukulu imene mumaipetera ija ikufuna mabaji liti? Musadikire mpaka makina aimiretu.

Kawaya

30 Malichi

Kawaya,

USAKHUDZE BATANI LIMENELO.

Loko wa katchipi si wa pachitseko. Alibe kiyi. Anakonza dala kuti munthu akafuna kuchotsa loko, katchipi kayambe kadzipukuta kokha, kafufute zonse zili m'mimba mwake, kenako ndiye katseguke. Akanapanda kutero ndikanatsekeranji? Batani lakolo silikunama, loko limachotsadi. Koma nyumba ukutsegulayo uipeza ili mbee, ngakhale mpando wokhalira mulibe. Ndi zimene ndimakuuza za zinthu zanu zodina kamodzizo: zimakuonetsa dzanja, mpeni zabisa kumbuyo.

Bolodi lili pano ndipo likhala pano, koma ndati ndikuuze kuti usadzawonongere wina katundu ndi nzeru zimenezo.

Kalatayi ndipatsira woyendetsa basi mawa popita kuchipatala kukatenga mankhwala a shuga. Sikuti ndikudwala, ndi mayi akowa akundikakamiza.

Bambo ako

2 Epulo

Mwana wanga,

Moni. Ndikulemba ndine mayi ako. Bambo ako awagoneka kuchipatala kuti shuga atsike, usachite mantha, atuluka mkucha. Pafoni sindikanakuuza izi ali pafupi, chifukwa makutu awo masiku ano akumva ngakhale nyerere ikuyenda.

Bambo ako sakuona. Diso lakumanzere linatha kale, lakumanja likuona ngati m'utsi. Adokotala anati shuga wadya kumbuyo kwa maso, magalasi sangathandize. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Makalata ako ndimawawerengera ine, amati, "Tawerenga iwe, m'manja mwanga muli girisi," chonsecho m'manjamo muli mbuu. Sabata yatha anadziwotcha chala m'malo mowotcherera waya, n'kundikalipira ine kuti ndasuntha tebulo. Tebulo limene linakhomeredwa pansi iwe usanabadwe! Akamati ubwere, akufuna maso ako. Kunena kuti "sindikuona" ndiye pakamwa pamawawa.

Koma ine tchuthi chako sindingachidikire. Sukulu ya kumtunda ikufuna mabaji ana asanatsegulire, ndipo ntchito imeneyi ndi imene imatidyetsa chaka chonse. Pano ndikupeta m'mawa mokha, ndaika nsanza yonyowa pabokosi la bolodi ngati mwana wa malungo. Dzulo ndi nsanza yomweyo anaima kawiri.

Ndiye ndamasula bolodi ndekha. Mawaya ndawamanga ulusi wa mitundu kuti ndisasokoneze pobwezera. Ndalikulunga m'thaulo lako lachikasu lija. Nditawawerengera kalata yako ya batani anakuwa kuti, "Adzapha makina mwana ameneyu!" Koma amatero ndi aliyense, ngakhale ine ndikamapukuta fumbi. Iwe unapita kusukulu ya zimenezi, ukudziwa chimene ukuchita.

Woyendetsa basi wa masiku onse uja sanaoneke, akuti basi yake inafera panjira. Ndapatsira wa basi ina, wamtali wovala kapusi yofiira. Uchite changu, libwere iwo asanapse kwambiri. Kupsa kokha apsa, ndazolowera.

Mayi ako

6 Epulo

Bambo,

Kalata yanu ya pa 30 Malichi yafika lero m'mawa, yonunkha dizilo. Woyendetsa basi wapepesa kuti inatsalira m'basi yakufa ija. Bolodi linali litafika kale.

Dzana foni yanga inalira kangapo ndili pamsonkhano, nambala ili ya Amayi. Ndinadziwa kuti ndinu, mwatuluka m'chipatala mwapeza makina ali pululu. Ndinaitembenuza chafufumimba patebulo. Ndinati ndikuimbirani ndili ndi nkhani yabwino m'manja, kuti kukalipako kukhale kwakufupi.

Masana ndinalumikiza bolodi ku chipangizo. Ziro yekhayekha, monga munanenera. Ndinadina batani. Panatuluka kabokosi ka mawu ambirimbiri kofunsa ngati ndatsimikiza. Bambo, timabokosi totere timatitulukira tsiku lonse, chala chinazolowera kuvomera maso asanawerenge. Lero ndakatsegulanso kabokosiko ndawerenga. Chenjezo linalipo, pamzere wachitatu. Sizinatenge nthawi, ngati kumeza malovu. Kenako chinalemba kuti zatheka.

Katchipi tsopano kakuwerengeka bwinobwino. Mulibe kanthu.

Ndafunsa aliyense mu ofesi muno. Mkulu wathu wa zamagetsi anavula magalasi n'kundiuza kuti palibe njira yobwezera, ngakhale kwa amene anakapanga.

Amayi musawakalipire, ine ndi amene ndinawauza kuti n'zosavuta. Koma nanunso Bambo. Andiuza za maso. Inu amene munkatimenya tikamazungulira polankhula, munalemba makalata atatu osanena chinthu chimodzi chimene chikanandikweza basi tsiku lomwelo. Munandisiya ndikutumizirani zolembera.

Ndagula bolodi latsopano. Ndilemba pulogalamu ina m'chilankhulo changa, potsatira mmene ndikukumbukira makinawo akuyenda. Ndinakulira pansi pake, kulira kwake ndimakudziwa. Nditumiza mabolodi onse awiri.

Pepani. Ndikudziwa kuti mawu amenewa simuwakonda.

Kawaya

24 Epulo

Mwana wanga,

Moni, ngati moni alipo. Foni yako ikungolira osayankhidwa, ndiye ndabwerera ku pepala.

Nditawawerengera kalata yako ija bambo ako sanakuwe. Ndinali nditachotsa kale makapu patebulo, koma sanaponye kanthu. Anangoti, "Werenganso pamene akuti mulibe kanthu." Ndinawerenganso. Anatuluka kukakhala pakhonde. Ine pa zaka zonsezi kukuwa kwawo sindinakuopepo, koma chete ameneyu akundidwalitsa.

Bolodi lako tinalumikiza, ine ndikuyang'ana mitundu ya ulusi, iwo akupapasa ndi zala. Linayenda, mwana wanga, usaganize kuti silinayende. Zilembo zowongoka linapeta zokongola, mpaka bambo ako anati, "Hm." Ukuwadziwa, "hm" ameneyo ndi mphatso. Koma litafika pokhota, pamene baji imazungulira, tinangomva thyo! Singano yaduka, nsalu yang'ambika. Tinayesanso, chimodzimodzi. Ndinachepetsa liwiro monga unalembera pakapepala kaja. Singano zasiya kuduka, koma baji imodzi ikutenga nthawi yoti ine n'kuchapa beseni lonse n'kuyanika. Ndipo kampeni kodula ulusi kakudula pamene kafunira.

Mayi woyang'anira mayunifolomu kusukulu kuja anabwera Lachiwiri. Anaima n'kumaonerera singano ikuyenda ngati nkhalamba yokwera phiri. Anati, "Amayi, ine ndimakukondani, koma ana sangalowe m'kalasi ndi chikondi pachifuwa." Anatenga nsalu zake zonse, wakapereka ku shopu ina ya makina atsopano. Ndinamunyamulira mpaka pamsewu.

Tsiku lotsatira bambo ako anati nditenge pepala. Ati andiuza pulogalamu yonse kuchokera m'mutu, ine ndizilemba, tidzaibwezere m'katchipi kakale. Anayamba mwamphamvu, timawu tachilendo ndi manambala, ine ndikungolemba ngati mwana wa sitandade wani. Ndikafunsa kuti ndalemba bwino, amati, "Ndingadziwe bwanji, ndikuona ine?" Ndi koyamba kuvomera ndi pakamwa pawo. Tinadzaza masamba angapo. Titafika pa zokhota anaima. Anati, "Apa panali kanthu. Ndinakonzapo kanthu chaka chimene denga linkadontha." Anabwereza kuchokera pamwamba, anaimanso pomwepo. Tinakhala choncho mpaka tiyi anazizira, ine cholembera chili m'mwamba.

Wa dzino lagolide wamva kale. Anabwera ati kudzazonda odwala. Ali pakhomo anati, "Akulu, mamota awo musawasiye achite dzimbiri, ine ndingawasamale." Bambo ako anamuponyera nsapato, inakamenya khoma la mbali ina. Iye anaitola n'kuwabwezera m'manja mwaulemu. Bola akanaseka.

Makina ndawafunditsa nsalu. Ndabwerera ku makina opalasa ndi phazi, ndikusoka zigamba ndi mazipi. Tiuze za tchuthi.

Mayi ako

9 Meyi

Kawaya,

Akulemba ndi mayi ako, mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera, asathiremo shuga, ndili naye wokwana.

Kakalata kako ka mizere inayi tinalandira. Ukuti ukuchita manyazi kuyankha foni, ukuti ntchito yawonjezeka, ukuti mwina mwezi wa mawa. Manyazi ako ndiwaike pati? Sapeta baji. Pepani wako ndamumva, wakwana, usatumizenso wina.

Ukuti ndikanakuuza za maso. Chabwino, ndikukuuza: sindikuona. Dzanja langa ili ndikuliona ngati chithunzi cha m'madzi. Wakondwa? Tsopano kwera basi, paja unati ukanakwera tsiku lomwelo.

Pulogalamu ija inali malo awiri. Pano yatsala malo amodzi, ndipo malo akewo akudontha. Mwezi watha ndinkaima pa zokhota pokha. Dzulo ndinaima pa zodula ulusi, pamene kale ndinkatha kunena ndili m'tulo. Chinthu chimene munthu sukuchiona papepala chimasungunuka, sindinkadziwa. Mayi ako amalemba zimene ndanena, koma ndikalakwitsa sangandigwire, ndipo akalakwitsa iwo sindingawagwire. Tikungodzaza mapepala ngati anthu awiri otunga madzi ndi dengu. Iwe ukhoza kundigwira. Chilankhulo changa suchidziwa, koma mutu wa ntchitoyi uli nawo, zilembo zako zowongoka zija ndinazipapasa, sizinali zoipa.

Mwana wanga, pano ndi ine mayi ako, apita kukamwa madzi, ndipo izi sindiwawerengera. Wa dzino lagolide ndamuuza kuti adzatenge mamota kumapeto kwa mwezi uno. Mankhwala awo akufunika, zigamba sizikukwanitsa. Ndamupempha adzabwere iwo ali kuchipatala. Akapapasa pansi pa nsalu adzadziwa, koma pamenepo zidzakhala zitachitika. Sindikukuuza kuti usiye ntchito, ndi yokhayo yatsala m'banja muno. Sindikudziwa chimene ndikukuuza. Akubwera.

Ndabwera. Ndimati chiyani? Eya. Ubwere ndi kapitawo wakoyo ngati ukufuna, agwire zowongoka, poti ndi zimene amatha. Pokhota ndi podula ulusi tilankhula ndi makina tokha, iwe ndi ine, lamulo limodzilimodzi, uzindiuza zimene singano ikuchita. Mwina sizitheka. Mwina kanthu ndinakonza chaka cha denga kaja kanapita ndithu. Sukulu sibweranso, zimenezo ndikudziwa, sindine mwana. Koma makina amenewa anakulipirira sukulu imene inakuphunzitsa kudina batani, ndipo sangathere pansi pa nsalu ngati mtembo ine ndili moyo. Ali bwinobwino, mamota ake ndinawapapasa m'mawa uno, akungodikira wowauza zochita.

Katchipi kakale kali m'thumba la malaya anga. Kotseguka, monga unkafunira. Aliyense angawerenge.

Usandilembere kalata ina, wondiwerengera watopa. Ndinatseka ndine, unafufuta ndiwe. Bwera udzalembe zimene unafufuta, mutu uno usanadzipukute wokha.

Bambo ako